Bokosi la Malemu

Ndiye kuti aiwaladi, amuna akewa, aiwala bokosi la malemu — apo ayi akanayankha bwanji chonchija pafoni? Anawaimbira ali kuntchito, iye ali wefuwefu, kuti mvula ya m'mawa yadzaza chipinda cha pansi pa nyumba, madzi afika m'mawondo, iwo n'kungoti, "Zimitsani magetsi, mayi. Pansipo palibe cha phindu."

Palibe cha phindu! Anatunga ndowa ina, kukwera masitepe, kukakhuthula pabwalo, kutsikanso, miyendo ili yopepuka ngati ya mtsikana, ndipo anadzimva akuimba, iye, munthu wamkulu ndithu, diresi litamatirira m'thupi. Zaka zisanu ndi chimodzi akusesa mozungulira bokosi lachitsulo lija, la zovala za mkazi wawo woyamba, losakhudzidwa, losasunthidwa, loti ukaligunda ndi tsache bambo amakuyang'ana ngati waponda manda. Ndipo lero, ndi pakamwa pawo pomwe, palibe cha phindu. Anakondwa, bwanji abise, anakondwa mpaka manyazi kumugwira.

Komatu chiguduli chija anatsekera yekha pachibowo chotulukira madzi, mwezi watha, chifukwa cha makoswe — makoswe enieni, anawaona ndi maso ake, anadya thumba la mbewu — nanga mvula itayamba m'mawa uja, sanachikumbukire? Anachikumbukira. Anaima pazenera ndi kapu m'manja, nati achotsa ikakata, ndipo sinakate, ndipo iye sanatsike. Kodi kumeneko n'kuiwala? Ayi, asadzinamize, wapulumutsa makina ake osokera, mapoto a paukwati, ngakhale nsapato zong'ambika, koma kungodya kwa bokosi kuja sanapiteko, tochi yomwe amaiwalitsira kwina. Mayi uja sanamulakwire kanthu, sanaonanepo n'komwe, anangofa basi, n'kusiya madiresi onunkhira sopo.

Dzuwa litapendeka anamva geti ikulira, kenako nsapato zawo pamwamba pa mutu wake, ndipo maganizo ena anamubwerera. Bwanji amupeze atanyamula bokosilo yekha, atanyowa, akulimbana nalo? Adzati mkazi uyu ndi wamtima wabwino, ndipo za m'katimo zidzakhala zitatha kale, matope okhaokha, wolakwa mvula. Anapisa dzanja pansi pa madzi, nazula chigudulicho, nachikankhira kuseri kwa shelefu. Madzi anayamba kukokera kuchibowo, akumukanda m'miyendo.

"Muli pansipo, mayi?"

"Ndili kuno, bambo. Ndikupulumutsa katundu."

Anatembenuzira tochi kungodya, koma bokosi silinali pamalo pake. Linali pakati pa chipinda, likubwera lokha ndi mkokomo wa madzi, likuyandama, mpaka linamugunda pabondo mofatsa. Analikankha ndi chala chimodzi, ndipo linapita, lopepuka, likulira ngati chitini chopanda kanthu. Loko anali wokhoma bwinobwino. Zovala zija bambo anazichotsa liti, nanga anakaziika kuti m'nyumba imene iye amasesa tsiku ndi tsiku? Pamwamba, nsapato zija sizinalunjike kumasitepe. Zinalowera kuchipinda chogona, ndipo anamva chitseko cha wadiropu ya bamboyo, imene iye sankaitsegula, chikutseguka.