Uvuni Wanga ndi Chifuwa cha Clara

Okutobala wa 2012 anabwera ndi utsi wake wonse. Phiri la Ndirande, limene ife a ku Machinjiri timaliona tikangotuluka pakhomo, linasowa kwa milungu iwiri. Osaka mbewa ankatentha tchire, alimi ankatentha mapesi, ndipo aliyense wokhala ndi kapuloti ankathamangira kuwotcha njerwa mvula isanagwe. Mmodzi mwa owotcha njerwawo ndinali ine, Venansio, kungoti kunyumba kwanga panalibe amene ankadziwa.

Ndinabisa dala. Mkazi wanga Bernadeta ankafuna kuti tikamange kwathu ku Nsanje, pamene ine ndinali nditatopa ndi kumangira nyumba madzi osefukira. Choncho ndinapeza puloti kumtunda, kum'mawa kwa nyumba yathu ya lendi, ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Loweruka lililonse ndinkati kuntchito kuli ovataimu, n'kupita kukaumba njerwa. Nzeru zanga zinali zoti ndidzamuonetse nyumbayo itafika kale pawindo, kuti adzasowe pokanira.

Lachitatu m'mawa a Jonas, amene ndinawalemba kuti andiwotchere, anayatsa uvuni. Anandiuza kuti moto ukayaka suyenera kuzima masiku atatu, apo ayi njerwa zituluka zosapsa, zoti mvula yoyamba idzangozisungunula.

Tsiku lomwelo madzulo mwana wathu Clara, wa miyezi isanu ndi umodzi, anayamba kutsokomola. Chifuwa chake chinkalira ngati wezulo, ndipo bere ankangoligwira n'kulisiya kuti apume. Apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Nsanje kudzaona mdzukulu, anamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha. Kwathu amati khanda likayamba kutsokomola ndi kubanika popanda chifukwa, ndiye kuti bambo wake wayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzalinyamula. Matendawo amawatcha tsempho, ndipo sachira mpaka bamboyo ataulula.

Apongozi sanalankhule ndi ine. Anayankhula ndi mwana wawo, koma ndi mawu oti nkhuku za aneba zimve.

"Bernadeta, afunse amuna ako za ovataimu imene amapitira ndi nsapato zoyera n'kubwerako ndi matope. Akapanda kunena dzina la mkaziyo, Loweruka ndikutenga iwe ndi mwana, tikupita kumudzi."

Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa pa mlandu umenewo ndinali woyera. Lachinayi ndinajomba kuntchito n'kupita ndi Bernadeta ku kiliniki kuti akamve yekha. Tinapeza mabenchi onse atadzaza ndi ana otsokomola. Ndinamunong'oneza kuti ngati lonseli ndi tsempho, ndiye kuti amuna a ku Machinjiri sagona. Sanaseke.

Nesi anamvetsera chifuwa cha Clara ndipo anati, "Ndi utsi uwu, mayi. Mphepo masiku ano ikuchokera kum'mawa. Wotenthayo amakhala bwinobwino pambali pa moto wake, utsi umakatsikira kwa ena kumunsi. Akuluakulu timangoyabwa maso, koma mwana mapapo ake ndi aang'ono. Tsekani mawindo, ikani nsalu yonyowa pamipata. Ngati kulipo kopita kopanda utsi, muchotseniko kaye."

Mawu oti kum'mawa anandikumbutsa uvuni wanga. Titafika kunyumba ndinalephera kukhala pansi. Ndinalowa, ndinatuluka, ndinakonza mpando umene sunali wothyoka. Kenako ndinati ndikukagula mayunitsi, n'kulunjika kupuloti.

Ndinaima kumbuyo kwa uvuni n'kutsatira utsi ndi maso. Sunkakwera kumwamba ayi. Unkaweramira kumadzulo, kutsetsereka ndi chigwa, mpaka kukakuta mtengo wa mapeyala umene uli pakhomo pathu. Pamene ndinaimapo mpweya unali wabwino ndithu.

"Mwabwera nthawi yabwino, abwana," anatero a Jonas. "Mabowo awiriwa akufuna zikuni."

Ndinaganiza za Maloweruka onse a miyezi isanu, msana wanga, madzi amene ndinkatunga kumtsinje. Ndinadziuza kuti latsala tsiku limodzi lokha, komanso kuti mauvuni ofuka sanali anga okha. Ndinanyamula chikuni cha bulugama n'kuchiponya pamoto, kenako china. Ndikunena mosabisa, ndinachita zimenezi ndi manja anga, mawu a nesi ali m'makutu.

Lachisanu m'mawa Clara ankapuma nthiti zikuonekera. Bernadeta anali akupinda matewera n'kumaika m'chikwama, maso ali ofiira, kaya ndi utsi kaya ndi misozi.

"Bambo a Clara, zimene ananena a nesi ndazimva. Koma matope aja sanawafotokoze. Dzulonso munapita kukagula mayunitsi maola atatu. Ndikungofuna dzina lake basi."

"Asiyireni mwana amayi," ndinatero. "Tiyeni ndikakuonetseni."

Tinakwera mtunda. Mumtima ndinkayembekeza kuti akaona njerwa m'malo mwa mkazi, mwina andikhululukira, mwinanso aseka. Titafika ndinamuuza zonse: puloti, ovataimu yabodza, nyumba ya zipinda zitatu. Anayang'ana uvuni, kenako anatembenuka n'kutsatira utsi monga ndinachitira ine. Mtengo wa mapeyala anauzindikira msanga kuposa ine.

"Munayatsa liti?"

"Lachitatu."

"Nanga dzulo, titachoka ku kiliniki?"

A Jonas, pofuna kundikometsa pamaso pa mkazi wanga, anayankha ndiwo.

"Anali konkuno, mayi. Amuna anuwa ndi a serious. Dzulo zikuni amaponya okha, ine ndimangoonerera."

Bernadeta sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Ndinauza a Jonas kuti tizimitse. Anayesa kundiletsa, akuti kwatsala maola ochepa, mukutaya njerwa zonse. Sindinawamvere. Tinakoka zikuni zoyaka m'mabowo, tinazithira dothi, tinamata mabowowo ndi matope. Ndinapsa dzanja koma sindinamve.

Utsi wanga utatha ndinayang'ana kuchigwa ndikudikira kuti kuyere. Sikunayere. Pamtunda womwewo mauvuni ena asanu ndi anayi ankafuka, ndipo kuseri kwake tchire linkayaka mzere wautali. Mphepo inkasonkhanitsa zonsezo n'kumazitsitsira pa madenga omwe aja.

Loweruka m'mawa ndinawanyamulira chikwama mpaka pa siteji. Apongozi analowa m'minibasi osakhutira kuti dzina la mkazi silinapezeke. Clara ankatsokomola kumsana kwa mayi ake. Ndinamugwira Bernadeta pamkono, ndili ndi mantha amene sindinakhalepo nawo.

"Mayi a Clara, mwaona nokha kuti mkazi palibe. Motonso ndazimitsa. Mubwerako liti?"

"Mvula ikagwa utsi utha, mwana adzabwera kudzakuonani," anatero. "Za ine sindikudziwa. Akanakhala mkazi ndikanati simunadziwe kuti mukupweteka mwana. Koma inu a nesi anakuuzani, ine ndili pomwepo."

Kondakitala anatseka chitseko.