Mawu a Achimwene M'hadi Disiki

"...ayi amalume, osaimenyanso! Imeneyo si wailesi yanu ija!"

"Iwe Chitsiriza, khala chete. Zamagetsi zonse zimamva mbama. Ineyo ndadzutsa ma TV angati ndi dzanja lomweli?"

Phaa! Kompyuta inangogwedera, sikirini ili bii, timawu toyera pakona tikuti hadi disiki sikupezeka. Amalume anaimenyanso mbali inayo, ati kuti zifanane kkkk. Kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsa. Mkatimo munkangomveka tiki, tiki, tiki, ngati wotchi yotopa.

Chitsiriza anatsala pang'ono kuseka koma anakumeza. Amayi ake anali pampando wawo uja, manja pamiyendo, akudikira.

Paja kompyutayo inali ya achimwene a Chitsiriza, amene anamwalira chaka chatha pangozi ya njinga yamoto. Foni yawo inaphwanyikira pomwepo, ndiye mawu awo anatsala m'kavidiyo kamodzi kokha, m'kompyutamo. M'kavidiyomo achimwene anavala jekete ya amalume, yaikulu mpaka m'mawondo, akutsanzira kayendedwe kawo kotulutsa mimba kaja. Kenako ankayang'ana kamera n'kunena kuti, "Amayi, mukundiona? Ndakhala bwana!" n'kuseka. Kuseka kwawo kwa ngati geti la dzimbiri, kwiii kwiii. Chitsiriza nayenso amaseka choncho ndendende, koma chichitikire maliro sankasekanso m'nyumba, chifukwa tsiku lina atangoseka amayi analira mpaka kugona osadya.

M'mawa uliwonse asanapite kuntchito amayi ankakhala pampandopo n'kunena kuti, "Tandiikira mwana wanga." Chitsiriza n'kudina. Kompyutayo sankalola kuti izimitsidwe, ati kuzimitsa kuli ngati kumuthamangitsa. Ndipo poopa fumbi anaisokera nsalu yokhuthala ya maluwa, yophimba bokosi lonse mpaka pansi.

Mbama zitakanika kwa masiku angapo, amalume anasenza bokosilo paphewa, onse atatu ulendo kwa asisi okonza makompyuta. Kashopu kawo kopanikizika pakati pa ometa ndi osoka nsapato, makiyibodi osowa mano ali mbwee pansi. Asisiwo, magalasi ali pamphumi, anamasula bokosi. Fumbi la mkatimo eee, ngati mwagona mphaka.

"Ndani amaiphimba?" anafunsa asisi.

"Ine," anatero amayi.

"Ikuyaka?"

"Usana ndi usiku."

Asisi anapumira m'mwamba. "Mayi, makinawa amapuma ngati munthu. Kafani aka kamatulutsa mpweya wotentha. Inu mwafunditsa bulangete munthu wamalungo chaka chonse. Nanga apa paphwafukapa pachita chiyani?"

Amalume anayamba kuwerenga kudenga ngati kwalembedwa nkhani kkkk.

"Ndimangoidzutsa pang'ono," anatero.

"Safunsa anadya phula, bambo. Taonani." Asisi anatulutsa kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja. "Hadi disiki ndi imeneyi. Mkati muli timbale tozungulira ndi kasingano kowerenga. Mbama iliyonse kasinganoko kamakanda mbale, ndipo mukayatsanso kamangopitiriza kukanda pomwepo."

"Ndiye mwana wanga ali m'menemo?" anafunsa amayi.



Asisi anayamba ndi zing'onozing'ono. Anasintha kachingwe kofiira, mwina ndiko kafa. Palibe. Anasomeka pabowo lina. Palibe. Anasintha chingwe cha moto, analowa pa sikirini ya buluu ya mkatikati kumene kompyuta imatchula zonse zimene ikuziona, koma pamalo a hadi disiki panali mbee. Kenako anailumikiza ku kompyuta yawo, n'kuika khutu pafupi. Tiki, tiki, tiki.

"Yatentha kwambiri. Tiyisiye izizire," anatero asisi, n'kuilozetsa fani ya patebulo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina imadzuka kamodzi komaliza, ngati wodwala amene wapempha madzi."

Anadikira. Ometa kuseri kwa khoma ankakangana za mpira. Amalume anayesa kulongosola za TV ina imene anaichiritsa ndi chidendene, koma nkhaniyo inathera panjira. Chitsiriza ankangoyang'ana kabokosiko.

Asisi atayatsanso, tiki uja sanamveke. Kunangomveka kaphokoso kosalala, ndipo pa sikirini mafoda anayamba kutuluka limodzilimodzi.

"Yaoneka!" anakuwa Chitsiriza.

"Shhh. Mverani bwino," anatero asisi. "Sindikudziwa kuti ikhala nthawi yaitali bwanji. Tikopera kaye mu fulashi, kuonera pambuyo. Osatsegula chilichonse, mwamva? Iwe mtsikana, ndiwe ukudziwa pamene pali vidiyoyo. Ipeze, ine ndikatenge fulashi yopanda kanthu kuseriku."

Chitsiriza anagwira mausi. Foda ya achimwene, foda ina mkati mwake, ndiyeno apo, kachithunzi kakang'ono, jekete ija ikuonekera.

Amayi anaimirira. Anafika kumbuyo kwake n'kumugwira paphewa.

"Tandiikira mwana wanga."

"Amayi, ati tikopere kaye."

"Kamodzi kokha. Masiku onsewa sindinamumve."

"Achemwali, dikirani pang'ono," anatero amalume.

"Ndadikira kale. Chitsiriza, chonde."

Kuseriko asisi ankatsegula madirowa, akudandaula kuti fulashi yalowera kuti. Chitsiriza ankadziwa bwinobwino zimene anauzidwa. Koma amayi ake anali asanamuuzepo chonde chibadwire, ndipo chala chija chinazolowera m'mawa uliwonse. Chinadina.

Achimwene anatulukira pa sikirini, jekete mpaka m'mawondo, mimba patsogolo, akuyenda ngati bakha. Amalume anaseka mwangozi n'kudzigwira pakamwa. Achimwene anatembenuka, kuyang'ana kamera.

"Amayi, mukundi..."

Chithunzi chinaima, pakamwa pali yasa. Tiki. Tiki. Tiki. Kenako nkhope ija inazimirira.

Asisi anatulukira fulashi ili m'manja. Anayang'ana sikirini, anayang'ana Chitsiriza, anayang'ana amayi. Anakhala pansi n'kuyesanso. Anaiziziritsa, anasintha zingwe, anaiyika chammbali, anayesa pa kompyuta ina. Dzuwa linachoka pakhomo n'kufika pakhoma. Hadi disiki sinaonekenso.

"Alipo ena amene amaitsegula m'chipinda chopanda fumbi," anatero asisi pomaliza. "Koma mmene ikulirira, mbale zakandika kwambiri. Sindikunamizani, mayi."

"Madzi akatayika..." anayamba amalume, koma sanamalize.

Amayi anatenga kabokosi kachitsulo kaja, anakakulunga m'kansalu kopukutira thukuta n'kukaika m'chikwama. Kunyumba anabwezera bokosi lopanda kanthu lija pamalo pake, analiphimba ndi nsalu ya maluwa, n'kuwongola m'makona mwake.

M'mawa mwake anavala za kuntchito n'kukhala pampando uja monga mwa masiku onse.

"Tandii..." Anaima. Anayang'ana Chitsiriza kanthawi, anamukonza kolala ya yunifomu, n'kutuluka. Bola akanamukalipira.

Chitsiriza sanapite kusukulu. Anakhala pansi pafupi ndi bokosilo n'kulembera mnzake wapamtima, amene anthu amangomutchula kuti Nyenje chifukwa pakamwa pake sipazizira. Anamuuza zonse, za nsalu, za mbama, za chonde uja. Pomaliza analemba kuti, "Ndapha mawu a achimwene ndi chala changa chomwechi. Sanafike n'poseka pomwe."

Kenako foni inalira.

"Aise, geti la dzimbiri lija silinali m'kompyuta mokha, lina uli nalo pakhosi iweyo. Ndikubwera ndikaweruka, ndabwereka jekete ya bambo anga, ndidzayenda ngati amalume ako mpaka useke amayi ali pompo. Akalira alire, koma akumve."