Mamita Asanu Kunja kwa Chingwe

Khonsolo itaika wayifayi yaulere pa depoti ya mabasi, inakhomanso chikwangwani chachikulu: INTANETI YA ALIYENSE, OSALIPIRA. Kabokosi kake anakapachika pakhoma la chipinda cha mlonda, moyang'ana mabenchi anayi a pansi pa shedi. Sabata isanathe, mlondayo anali atazunguliza mabenchiwo ndi chingwe cha buluu. Dzina lake lenileni linafera pomwepo. Tonse tinkangoti a Chingwe.

"Intaneti ndi yaulere, sindikukana," ankatero. "Koma benchi ndimapukuta ndine. Mthunziwunso ndimaulondera ndine."

Ine ndine telala, mitengo ya zinthu ndimaiyeza ndi zipi. Ola limodzi mkati mwa chingwemo linali zipi zitatu. Tsidya la msewu, mlamu wanga amagulitsa timapepala ta nambala yolowera pa wayifayi ya shopu yake, zipi zisanu pa ola, ndipo chibale sichilowapo. Ndiye kuti zaulerezo zinangotsika ndi zipi ziwiri basi.

Lachinayi ndinali ndi nkhani yaikulu. Sukulu ina yakutali inkafuna wosoka mayunifolomu mazana awiri. Aphunzitsi aakulu anati andiimbira pa vidiyo teni koloko kuti aone msoko wanga ndi maso. Tinali atelala atatu opikisana, aliyense mphindi makumi awiri. Ntchito imeneyo ndi yomwe ikanadzutsa makina anga achiwiri, omwe anakhala miyezi isanu atafundidwa nsalu. Kunyumba kwanga netiweki imachita chibwibwi, vidiyo siyenda.

"Mlamu, mufere zipi zitatu?" anatero mlamu wanga. "Lipirani, kaya kwa ine kaya kwa a Chingwe, muone zina."

Ndisaname, ndalamayo ndinali nayo. Koma kugula chinthu chomwe chikwangwani chikunena poyera kuti n'changa kale, ayi. Khosi langa linakana.

Lachitatu masana ndinapita kudepoti ndi tepi ndi choko changa cholembera nsalu. Ndinalumikiza foni nditaima pachingwe penipeni, kenako n'kumabwerera chambuyo, maso pa timizere ta netiweki. Mita yoyamba, timizere tinayi. Yachitatu, titatu. Yachisanu, tiwiri. Kupitirira apo, zii. Ndinagwada n'kujambula mzere pasimenti, wokhota ngati khosi la diresi.

A Chingwe anabwera manja ali m'thumba.

"Mayi, mukufuna kusokera depoti siketi?"

"Ndikuyeza dyera lanu, bambo. Tepi yandichepera."

Makondakitala anaseka. A Chingwe sanaseke.

M'mawa mwake ndinafika nditasenza chidole changa chovekapo zovala, chija chopanda mutu, chitavala shati yoyera ndi kabudula wa khaki. Ndinachiimika pa mita yachitatu, padzuwa pwetee. Simenti inkaotcha mpaka kudutsa nsapato. Mkati mwa chingwe munali anthu khumi ndi mmodzi, onse olipira, onse akundiyang'ana ngati ndatuluka m'nyumba osavala.

"Apa ndi njira ya anthu," anatero a Chingwe.

"Nanga ine ndine mbuzi?"

"Chotsani chidolechi. Apo ayi, ndikazimitsa bokosi."

"Kazimitseni."

Foni inalira. Nkhope ya aphunzitsi aakulu inatulukira, mayi wa magalasi, wosaoneka woti amaseka pafupipafupi.

"Kodi muli panja?"

"Panja ndiye powala bwino, amayi. Msoko wabodza umabisala m'nyumba."

Ndinayandikiza foni pa kolala, n'kuipinda kuti aone mkati. Ndinawaonetsa mabatani, lililonse losokedwa kanayi. Anagwedeza mutu. Anatsegula pakamwa kuti afunse kanthu, ndipo anauma choncho, kukamwa kuli yasa. Timizere tonse tinali titapita. A Chingwe anatuluka m'kachipinda kawo akupukusa pulagi m'manja.

Nthawi inali itadutsa teni ndi mphindi zisanu ndi zitatu. Ndinayang'ana tsidya la msewu: mlamu wanga anali pakhomo pa shopu, akundikupizira kapepala. Kuwoloka ndi chidole, kugula, kulemba nambala, zonsezo zinali zotheka. Miyendo yanga inafuna. Ndinaiuza kuti iime pomwepo.

Woyamba kudzuka m'chingwemo anali namwino wina wojintcha, yemwe ankatumiza mapepala a ntchito.

"Bambo inu, zathima! Bwezani ndalama yanga."

"Munalipira benchi, mayi. Benchi ndi iyo, sinathime."

"Benchi ndili nayo kunyumba!"

Enawo anadzukanso. Wina masewero ake a mpira anadukira pakati, wina mkazi wake anatsala akulankhula yekha. Anawazungulira a Chingwe ngati njuchi. Ine ndinakweza mawu, ndipo mawu ndili nawo.

"Abale, kunja kuno imafika mamita asanu! Ndayeza ndekha, mzere ndi uwo. Mwakhala mukugula mthunzi, osati intaneti!"

Zenera la ofesi ya woyang'anira depoti linatseguka pamwamba, mutu n'kusuzumira. A Chingwe anauona mutuwo. Anabwerera m'kachipinda mwakachetechete, ngati munthu amene wangokumbukira kuti wasiya madzi pamoto.

Kabokosi kaja kamachedwa kudzuka. Kanaphethira kofiira, kofiira, kenako kobiriwira. Pomwe ndinkaimbanso n'kuti zitanditsalira mphindi zisanu.

"Mayi, telala wina akudikira," anatero aphunzitsi aakulu, nkhope ili gwa.

"Ndiye tisataye nthawi ndi kupepesa."

Ndinachivula chidole kabudula, n'kuitana makondakitala awiri. Wina ndinamupatsa mwendo uwu, wina uwo.

"Kokani, achimwene. Mukang'amba kabudulayu ndikusokerani mathalauza ulere."

Anakoka mpaka mitsempha inaima m'khosi. Namwino anandilanda foni kuti ajambule bwino. Depoti yonse inkawerenga mokuwa. Pofika pa khumi, kondakitala mmodzi anaterereka n'kukhala pansi. Msoko wapakati sunasunthe.

Aphunzitsi aakulu anavula magalasi, akupukuta m'maso.

"Ana athu amakoka choncho ndithu," anatero. "Mazana awiri sindikupatsani, sindikudziwani. Yambani ndi makabudula makumi asanu ndi atatu. Akapirira teremu imodzi, tidzakambirana zotsalazo."

"Adzatopa ndi anawo," ndinatero.

Ndinabwerera kunyumba khosi litapsa, mutu ukugunda. Chinthu choyamba, ndinavundukula makina achiwiri aja n'kuwathira mafuta.

Chingwe chija chikadalipo, ndipo ofuna mthunzi amalipirabe. Koma kunja kwake tsopano kumakhala mzere wa anthu, ena pa zidebe, ena ndi maambulera, onse mkati mwa choko changa. Mvula ikachifufuta, ndimajambulanso ndikamadutsa. Mlamu wanga anatsitsa kapepala kake kufika zipi zitatu, ndipo moni wake masiku ano ndi waufupi.

Sabata yatha a Chingwe anabwera kushopu kwanga, thalauza la ntchito litang'ambika kumbuyo. Atelala ena ali kutali. Anakoka mpando kuti akhale.

"Kusoka ndikusokerani ulere, bambo," ndinatero. "Koma mpandowo ndimapukuta ndine."

Anadikira ataimirira. Ndinasoka mosathamanga.