Phazi Limodzi la Zdravko

Mchimwene wanga Zdravko anaphunzira kuimba ng'oma pamutu pa Mayi Stoyanka. Iwo ankakhala pansi pathu, m'nyumba zosanja za anthu a ku mgodi muno mu Pernik, ndipo iye akangoyamba kuponda, iwo ankayankha ndi mpini wa tsache kudenga. Sanaphonyepo tsiku mayi amene uja.

Mphunzitsi analibe. Anali ndi makaseti a nyimbo zaphokoso za metal omwe amalume oyendetsa thiraki ankabwera nawo mobisa kuchokera kunja, ojambulidwa mobwerezabwereza mpaka magitala kumamveka ngati chigayo. Nkhope za oimbawo sitinkazidziwa. M'nyimbomo munali kugunda kwa ng'oma yaikulu yoponda ija, kothamanga ngati matalala pa malata, ndipo Zdravko anangoti, "Ngati munthu wachita zimenezi ndi phazi lake, inenso phazi ndili nalo." Anapanga chopondera ndi chitsulo cha chitseko ndi sipuling'i ya bedi, sutikesi ya bambo n'kusanduka ng'oma. Anaponda mpaka sokosi kunyowa magazi, ndipo liwiro lija analipezadi.

Boma lakale litagwa, makanema anayamba kulowa. Tinadzazana kwa Lachezar, woimba wa bandi yomwe Zdravko ankaimbamo, kuti akatswiri aja tiwaone ndi maso. Kamera itafika kwa woimba ng'oma, tonse tinasendera pafupi. Ng'oma zoponda zinali ziwiri. Mapazi awiri ankalandizana bwinobwino ngati munthu akupalasa njinga.

"Aise, chitsiru ngati iwe sichinabadwepo!" anakuwa Lachezar, akupukuta misozi ya kuseka. "Nanga linalo umalisungira ukwati?"

Zdravko sanaseke. Koma Lachezar ndi munthu woti mnzake akagwera m'dzenje, iye amayamba kuitana oonerera. Kuyambira pamenepo, kulikonse komwe ankaimba, Lachezar ankabweretsa kireti ya mowa n'kusanjikapo mwendo wamanzere wa mchimwene wanga, kuti aliyense aone kuti sukugwira ntchito. "Phazi Limodzi! Phazi Limodzi!" anthu ankakuwa. Masana Zdravko ankakonza zikepe m'nyumba zosanja, kumapeto kwa sabata ankakhala chionetsero. Ndinkadana nayo kireti imeneyo, koma mchimwene wanga ankati anthu amakuwira zimene akumva, osati zimene akuona.

Zaka zitapita tsitsi lake linayera, ndipo pakakolo pa phazi lamanja panatupa ngati mkate. Adokotala atayang'ana chithunzi cha mafupa anamufunsa ngati anagwapo ndi chikepe. Anamuuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza kuponda choncho adzayendera ndodo mpaka kumanda.

Chaka chomwecho Lachezar analengeza kuti bandi iimba kotsanzikana ndi anthu pa bwalo la mpira. Zdravko anagula chopondera cha mapazi awiri, chomwe anachikana moyo wake wonse, ndipo nyengo yonse yozizira anali kuphunzitsa phazi lamanzere ngati mwana wa sitandade wani. Ndinkamupititsira msuzi wa nyemba n'kumupeza thukuta lili kamukamu. Pansi panalibe wogogoda. Mayi Stoyanka anali atamwalira, ana awo ali ku Spain, nyumba yotseka.

Tsiku lokonzekera ndinamuperekeza pa galimoto. Lachezar ataona chopondera chatsopanocho anakwinya nkhope.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Ndiimba ndi onse awiri. Lamanzere laphunzira, tamvera."

"Sindikufuna kumvera. Anthu akubwera kudzaona Phazi Limodzi. Wa mapazi awiri ndingamutole pa sukulu iliyonse, ndipo angakupose."

"Ndiye ukufuna alumale?" ndinalowerera ine.

"Nevena, mlongo wanga, usandiyang'ane ngati ndadya mwana wako." Analoza kompyuta yomwe inali pa sipika. "Kugunda kwa phazi kuzichokera umu. Iye manja okha. Mwendo pa kireti, linalo azingoligwedeza kuseri kwa ng'oma. Aone ndani?"

M'galimoto ndinalephera kudzigwira. "Bate, mchimwene wanga, kana. Ukakhale pampando n'kumanamizira ngati chidole? Musiye aimbe ndi kompyuta yakeyo."

"Adziwa," anatero, ali phee. "Anthu amenewa andimvera kuyambira ali ndi tsitsi. Nyimbo yoyamba isanathe adziwa kuti si ine, ayamba kuimba mluzu wonyoza. Pamenepo Lachezar adzandipempha yekha chopondera changa. Uchinyamule m'chikwama, ukhale nacho pafupi."

Ndinachinyamuladi. Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, bwalo litadzaza abambo a dazi ndi mimba, atavala malaya akuda omwe anasiya kuwakwana kalekale, ena atanyamula zidzukulu pamapewa. Lachezar anakweza kireti ija m'mwamba, bwalo lonse n'kubangula. Ine ndinaima pambali pa siteji, chikwama chili pakati pa miyendo, zipi ndaigwira kale.

Kompyuta inayamba. Inkagunda mwaukhondo, mosatopa, mosapsa mtima. Zdravko nyimbo ikafika pokoma ankathamanga pang'ono, ngati munthu waona basi ikunyamuka, anzake n'kumamuthamangira pambuyo. Makinawo sanathamange ngakhale pamodzi. Nyimbo yoyamba itatha Zdravko anadzutsa mutu, timitengo tili m'mwamba, kudikira mluzu.

Kunabwera kuwomba m'manja. Yachiwiri, m'manja. Yachitatu anthu anayamba kulumpha mpaka fumbi koboo, ndipo bambo wina pafupi nane ankang'amba kukhosi: "Waona nkhalambayo? Phazi limodzi, aise! Limodzi!" Ndinkafuna kumuthira mowa wake kumaso. Mchimwene wanga anayang'anabe anthu nyimbo iliyonse ikatha, kenako anasiya kuyang'ana. Ine zipi ija ndinaisiya.

Zitatha ndinamupeza kuseri kwa siteji atakhala pa kireti yomweyo. Kunabwera Tsvetan, mnzake wa ku mgodi amene sanajombepo bandi ikamaimba, maso ali ofiira ndi kachasu wa rakiya ndi chimwemwe. Anagwada n'kugwira nsapato yamanja ya Zdravko ndi manja awiri.

"Achimwene, ndakumverani zaka zonsezi, koma lero ndiye mwaimba. Kale mumathamanga, mumasokoneza pena. Lero? Ayi, lero phazi ili linali lenileni!"

"Zikomo, Tsvetan," anatero Zdravko. Lachezar anadutsa n'kumusisita paphewa, osaima n'komwe.

Anthu atachepa Zdravko anandifunsa, osandiyang'ana, "Iwe unamva kusiyana?"

"Ndinamva, bate. Kuyambira kugunda koyamba."

"Iwe suwerengedwa, unkadziwa kale." Anamasula chingwe cha nsapato, chifukwa phazi lija linali litatupabe ngakhale silinagwire ntchito. Analiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi Stoyanka akanadziwa."

Chikwama chija ndinabwerera nacho ndine. Chili pansi pa bedi lake, ndipo sanafunsepo za icho.