Kamudzi ka Jekapu

M'chaka cha 1994, ogula nsomba ena ku Feira, tauni ya m'mphepete mwa mtsinje, ankachita masewera a mafumu podikira lole ya ku Lusaka. Mapu awo anali aakulu, openta pa chitseko chakale, koma malire ankalemba ndi choko chifukwa ankasintha nkhondo iliyonse ikatha. Wopambana nkhondo ankadziwika poponya dayisi.

Mmodzi mwa osewerawo, Agineza, atadwala malungo, anasiyira mnzake Jekapu dziko lake kuti amusungire. Atachira anapeza malire ake atafufutidwa, dziko lonse lili m'manja mwa Jekapuyo.

"Ni masewera chabe, mlongosi," anatero Jekapu akuseka.

Agineza anayambiranso pa kachilumba kopanda mwini, uku akukumana ndi osewera enawo kudooko mmodzimmodzi, n'kumawalonjeza zigawo za Jekapu. Lachisanu lina onse anaukira Jekapu pamodzi, ndipo anagonja. Agineza ananyowetsa kansanza n'kufufuta malire a Jekapu pang'onopang'ono, akumuyang'ana m'maso. Anamusiyira kamudzi kamodzi kutali ndi mtsinje.

"Ingonichotsani m'masewera," anadandaula Jekapu.

"Iyayi, a Jekapu," anatero Agineza. "Mukhala pomwepo, muzionerera ife tikulamulira. Manje ponyani dayisi, anzanu akudikira."