Makabudula a Asilikali a Bambo Ramsden

Bambo Cuthbert Ramsden a ku Leeds anasuta fodya zaka zinayi ngakhale ankadana ndi utsi. Ankafuna timakhadi ta m'mapaketi a ndudu, tojambulidwa asilikali akale a Chigiriki, aliyense ndi chisoti, mkondo ndi chishango, kwinako mbulanda. Bungwe la otolera makhadi linkalandira munthu yekhayo wokhala ndi makhadi onse makumi asanu ofanana.

Khadi lomaliza, nambala 31, la msilikali wa chishango cha kadzidzi, analipeza Lachisanu pa 13 Malichi 1936 ndipo analisunga m'thumba la jekete. Mawa lake anapita ndi akazi awo, mayi Winifred, ku holo ya tchalitchi kukayesedwa ndi bungwelo.

Atatsegula buku la makhadi, anapeza asilikali 49 atavala makabudula a khaki.

"Amayi, ichi n'chiyani?" ananong'ona.

"Ndinawaveka ndi penti Lachitatu. Mumafuna abusa aone zimenezija?"

"Mwandipha! Zaka zinayi ndikutsokomola!"

"Nanga ine zaka zinayi ndikuchapa makatani onunkha utsi? Khalani chete, akubwera."

Woyesa, bambo Thackray, anali atatolera makhadi kuyambira 1902. Anayang'ana buku lonse ndi galasi kwa mphindi khumi ndi imodzi.

"Zosowa kwambiri izi," anatero. "Ayenera kuti anasindikizira dera lozizira. Onani mabataniwo, ntchito ya fakitale yeniyeni. Koma malo a 31 ali pululu."

Bambo Ramsden anatulutsa khadi lija m'thumba. Bambo Thackray analiyang'ana, kenaka anachotsa galasi.

"Achimwene, anakupusitsani. Uyu si wa gululi. Anzake onse avala, iye yekha wabwera ngati akupita kosamba. Kadzidziyu amaimira nzeru, koma munthu wanzeru saiwala kabudula. Muli ndi 49 basi. Timatseka nthawi ya 4 koloko."

Inali 3:40. Bambo Ramsden anakokera akazi awo kukhonde.

"Amayi, penti ija munaisiya kunyumba?"

"Ili m'chikwamamu. Koma paja ndakuphani?"

"Ndinalankhula mopusa. Chonde."

"Nanga fodya?"

"Ndasiya lero."

Mayi Winifred anakhala pa benchi, nanyowetsa kaburashi ndi malovu, n'kumuveka kabudula msilikali uja. Bambo Ramsden anaumitsa pentiyo pokupiza ndi chipewa.

Bambo Ramsden analandiridwa m'bungwe nthawi ya 3:57. Bambo Thackray sanafunse kumene khadi latsopanolo linachokera. Anangodandaula kuti kabudula wake ndi wothina pang'ono.