Tsaya la Manang Perlita

Manang Perlita, akulu anga, anayimba nyimbo za masautso a Yesu m'tchalitchi chathu cha ku Dumangas zaka makumi awiri ndi zisanu. Sabata Loyera likafika, anthu ankawoloka mtsinje kudzawamva.

Ululu unayamba m'mawa wina akutsuka mano. Anaponya mswachi, nagwira tsaya lakumanja, nagwada pansi osatulutsa mawu. Patapita kamphindi anadzuka.

"Ngati munthu wandigunditsa waya wamagetsi, Inday," anandiuza.

Wozula mano anachotsa dzino limodzi, kenako lina, mpaka anayi. Onse anali abwinobwino, ndipo ululu sunasunthe. Tsopano unkabwera ndi chilichonse: mphepo ya fani, supuni ya mpunga, madzi osamba kumaso, ngakhale kuseka. Anasiya kukwera jipini, minibasi zakwathu. Ankayenda pansi kupita kumsika atakulunga nkhope ndi mpango dzuwa likuswa mtengo.

Amuna awo, Manong Dodoy, poyamba ankachita nthabwala. "Mayi asiya kundikalipira, muona mmene ndinenepere." Tsiku lina pa chakudya anatambasula dzanja kuti awachotse kambewu ka mpunga pamlomo. Manang anagwa pampando, thupi lonse likunjenjemera. Kuyambira pamenepo Manong ankadya manja ali pafupi ndi mbale yawo, ndipo nthabwala zija zinatha.

Tinapita kwa Tiya Saling, sing'anga wa m'dera lathu. Anadonthezera phula la kandulo m'beseni la madzi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Iyi ndi nkhope ya munthu wamkazi. Mayi anu anapita bwanji?"

Nanay, mayi athu, anamwalira nkhope itapindikira kumanja, ndipo tsikulo Manang anali kutchalitchi, akuyimba.

Dokotala wa ku Iloilo anati palibe za mizimu, ndi mtsempha wa kumaso umene ukupsinjika. Anapereka mapilitsi amene ankawayendetsa dzandidzandi ngati munthu woledzera. Manang ankamwa mapilitsiwo mokhulupirika, komanso Lolemba lililonse ankapita ndi kandulo kumanda a Nanay.

Mu Seputembala ululu unangoleka. Sabata inatha, mwezi unatha. Ine ndinaphika nkhuku ya adobo kuti tisangalale, koma iwo ankatafuna pang'onopang'ono, mbali yakumanzere yokha.

"Idyani momasuka, Manang. Mwachira."

"Ululu sunachoke, Inday. Ukungondimvetsera."

Sabata Loyera litafika, amayi a m'kwaya anawachonderera mpaka anavomera. Tchalitchi chinadzaza, ndipo anazimitsa mafani onse chifukwa cha iwo, anthu n'kumangotuluka thukuta. Manang anatsegula buku lawo lakale. Mawu anatuluka monga kale, mwina kuposa. Anayimba ndime ziwiri. Pakati pa yachitatu anaima, pakamwa pali chitsegukire, maso ali kukhomo.

"Ululu wabwera?" ndinanong'ona.

"Ayi. Koma ndaumva ukutembenuka."

Anandipatsa bukulo. Ndinamaliza ndimeyo ndi mawu anga osasangalatsawa, iwo atakhala pambali panga, zikhato zili pamaondo.

Papita chaka ndi theka tsopano ululu osabweranso. Dokotala akuti ukhoza kubwera mawa, ukhozanso kudikira zaka. Mdzukulu wawo woyamba anabadwa mu Juni. Manang amamunyamula atamutembenuzira kutsogolo, kuti timanja take tisafike kumaso.